Masitepe 74 ndi Kope la Mlembi

Galimoto inaima pomwe msewu unathera. Kutsogolo kunali thanthwe lalikulu ndi kashedi ka malata kosungiramo nkhuni, basi. Asisi anazimitsa injini, nasuzumira pazenera, kenaka anafunsa kuti nyumba ija ili kuti.

Onse anali ataiona kale. Inali pamwamba, yoyera, ya mazenera akuluakulu monga inkaonekera pa chithunzi cha pafoni. Koma pakati pa galimoto ndi nyumbayo panali masitepe a miyala, okwera mokhotakhota m'mbali mwa phiri mpaka kukalowa m'mitengo ya paini.

Mlembi, amene anakhala kutsogolo kuti azilozera Asisi njira, sanayerekeze kucheuka. Kumbuyoko kunali Mphepo, atatambasula mwendo wake wakumanzere pamiyendo ya Wailesi, ndodo zake ziwiri zachitsulo zitagona pansi.

Atsikana atatuwa anagwirizana ali ku pulayimale, ndipo maina awo enieni ankamveka pokhapokha aphunzitsi akamaitana kaundula. Wailesi anali Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe chozimitsira. Mlembi ankalemba chilichonse, ngakhale tsiku limene anagula cholembera. Mphepo anali wothamanga, ndipo pasukulu pawo panalibe mtsikana amene anamupitirirapo. Kwa zaka zitatu, madzulo alionse akaweruka, Mlembi ankaima m'mphepete mwa bwalo ndi wotchi kudzanja limodzi, kope lobiriwira kudzanja linalo, kulemba nthawi za mnzake. Anali ndi lamulo limodzi, ndipo analikhazikitsa ndi Mphepo mwini: wotchi siima munthu asanafike pamzere, ngakhale atagwa.

Miyezi isanu ndi itatu yapitayo, galimoto inamuwomba Mphepo akuchokera kusukulu. Mwendo unathyoka pawiri, madokotala anaikamo zitsulo. Anati adzayenda bwinobwino m'kupita kwa nthawi, koma za mpikisano aiwale. Chitulukireni m'chipatala, anadzitsekera m'chipinda mwake, makatani ali chitsekere usana wonse. Ulendo uno unali woyamba kuuvomera, ndipo anauvomera pambuyo pomuchonderera mwezi wathunthu. M'mawa umenewo, ponyamuka, mayi ake anamukokera Mlembi pambali pa geti ndi kumunong'oneza kuti: “Mundisamalire mwana. Akabwerako ali wokhumudwa, sadzatulukanso m'chipinda muja.”

Amene anakonza ulendo wonse anali Mlembi. Asisi, mkulu wake wa Wailesi, amene anali namwino, anangovomera kuwayendetsa ndi kuwayang'anira. Nyumba ya paphiri anaipeza ndi Mlembi, ndipo analemba mndandanda wa zotenga: mapilo atatu otsamiritsa mwendo, mankhwala, botolo la madzi otentha, masokosi a ubweya. Ndipo pa uthenga wofotokoza za nyumbayo panali mzere umodzi umene anauwerenga tsiku loyamba lomwe: “Kuchokera poimika galimoto pali masitepe 74.” Anauwerenga, nadutsapo. Lachitatu, akusita yunifolomu, ndi pamene mzerewo unamubwerera ngati mbama, mpaka anatsala pang'ono kuwotcha kolala. Anagwada napemphera. Anatsegula foni kangapo kuti awauze anzake, koma zala zinamulemera. Ankaopa kuti ulendo ulephereka, ndipo ankachitanso manyazi. Anangodzilimbitsa mtima kuti mwina kuseri kuli msewu wina.

Msewu wina kunalibe.

Pamasitepepo panatsika bambo wina wachikulire, woyang'anira nyumbayo, atavala juzi ya zigamba m'zigongono. Anawapatsa moni mwaulemu. Wailesi atatsegula chitseko, maso a bamboyo anagwera pa ndodo zija, ndipo moni wake unafupika.

Wailesi sanadikire. Anafunsa kuti nanga zinthu ngati izi bwanji sazilemba, anthu amabwera ndi odwala, ena ndi okalamba, kodi amayesa aliyense ndi mbuzi yokwera m'matanthwe? Asisi anamugwira paphewa kuti aleze, kenaka anatembenukira kwa Mlembi namufunsa ngati za masitepezi zinalembedwa.

“Sanalembe,” anatero Mlembi, akuyang'ana nsapato zake.

Bambo uja anamuyang'ana kanthawi. Sanakwinye nkhope. Anangovula chipewa nati, “Pepani, ana anga.”

Asisi anayamba kuganiza njira. Anati mwina awiri angagwirane manja n'kumunyamula. Bamboyo anati ali ndi mpando wolimba, akhoza kumukwezerapo. Wailesi anati iye ndiye agwira miyendo ya kutsogolo. Onse ankalankhula za Mphepo ngati palibe.

“Sindine thumba la simenti,” anatero Mphepo ali m'galimoto. Mawu ake anali otsika. “Asisi, chonde ndibwezeni kunyumba.”

Asisi anamuyang'ana, naona kuti kukakamiza sikuthandiza. Anati chabwino, abwerera, koma ayendetsa galimoto maola anayi, awalole akamwe kaye tiyi ndi kuwongola msana. Anakwera masitepewo pamodzi ndi Wailesi, amene anapita akung'ung'udza. Mlembi anatsala. Anakakhala kumbuyo, pamalo pa Wailesi, nanyamula phazi la mnzake kuliika pamiyendo pake. Mphepo anatembenukira kuzenera la mbali ya thanthwe.

Mlembi ankangoyang'ana masitepe, ndipo chifukwa choyang'anitsitsa anaona zimene bambo uja ankachita.

Anali atakwera ndi Asisi kukawatsegulira nyumba. Potsika anatsika ndi kampando ka thabwa, nakaika pokhota poyamba, pamene panali kamalo kafulati. Anakagwedeza, naona kuti kakutsimphina, naika kamwala pansi pa mwendo umodzi. Anakweranso, natsika ndi timipando tina tiwiri, kenaka ndowa yovundikira yokhalapo. Atatha apo anatenga tsache m'kashedi kaja, nayamba kusesa masamba a paini, amene amaterera munthu akawaponda. Anasesa sitepe imodziimodzi kuyambira pansi, akukolopola ndi chala timasamba totsalira m'ming'alu. Sanayang'ane kugalimoto ngakhale kamodzi. Anali atamva yekha kuti alendo akubwerera, koma ankasesabe, mwina poganiza kuti mtima wa munthu umatha kusintha, ndipo ukasintha njira ipezeke ili yokonzeka.

Munthu amene Mlembi anamunamizira pamaso pa anthu ndi amene ankagwada pamiyala yozizira. Mlembi anatsinzina nati chamumtima, Ambuye, ndipatseni pakamwa.

“Analemba,” anatero.

Mphepo sanatembenuke.

“Za masitepe analemba. Ndinawerenga tsiku loyamba. Ndinadzakumbukira Lachitatu, koma ndinaopa kunena.”

“Ndiye wawanamizira bambo aja.”

“Inde.”

“Ndipo ine wandikokera kuno kuti ndidzaonerere phiri ndili m'galimoto.”

Misozi ya Mlembi inagwera pa sokosi ya mnzake, ndipo anaipukuta ndi chala msangamsanga. Tsache linkangomveka, shwe, shwe, likukwera pang'onopang'ono.

Kenaka Mphepo anafunsa, akuyang'anabe thanthwe, kuti munthu wolemba chilichonse, wokumbukira ngakhale masokosi, zinatheka bwanji kuwerenga masitepe 74 n'kungodutsapo. Anaganiza chiyani pamene ankawerenga?

Mlembi anazengereza, chifukwa yankho lake linali lopusa. “Ndinaganiza kuti utisiya tonse m'mbuyo. Ndinati, uyu akafika yekha pamwamba n'kulanda bedi la pazenera.”

Mapewa a Mphepo anayamba kugwedezeka. Mlembi anayesa kuti akulira, ndipo analidi kulira, koma ankasekanso, zonse pamodzi. Atapezako mpweya anayamba kulankhula, kulankhula kumene sanalankhulepo miyezi yonseyi. Anati kunyumba aliyense amapereka moni kwa mwendo. Azakhali akabwera amafunsa kuti mwendo wadzuka bwanji. Anthu a kutchalitchi amapempherera mwendo. Ngakhale Wailesi, amene kale ankamunyoza kuti ali ndi makutu ngati mapiko, masiku ano amamulankhula mofewa ngati dzira. Anati wakhala akumva ngati mwendo ndiye mwini chipinda, iye wangokhala mlendo wake.

“Iwe wekha ndiye unauiwala,” anatero akupukuta mphuno. “Ndi uchitsiru, usaganize kuti ndakuyamikira. Koma unauiwala.”

Anayang'ana masitepe aja koyamba, kuyambira pansi mpaka pomwe ankabisika m'mitengo. Maso ake anachepa monga ankachitira akaima poyambira mpikisano.

“Kope lija unataya?”

Mlembi sanataye. Kwa miyezi isanu ndi itatu linali pansi pa chikwama chake, atalikulunga m'pepala la pulasitiki. Sankalitulutsa poopa kumupweteka mnzake, koma kulisiya kunyumba kunkamukanikanso. Analitulutsa. Mphepo anatsegula tsamba lomaliza, nayang'ana nthawi imene anathamanga madzulo a tsiku lisanafike la ngozi. Pansi pake panali mizere yopanda kanthu.

“Wotchi uli nayo?”

Mlembi anamuonetsa mkono.

“Pita kaye kwa bambo aja,” anatero Mphepo. “Sindingakwere masitepe awo bodza lako lili pamutu pawo.”

Mlembi anawapeza pokhota pachiwiri. Anaima sitepe ziwiri m'munsi mwawo, manja kumbuyo, nawauza kuti ananama, ndipo anapepesa. Bamboyo anatsamira tsache lake. Anati ankadziwa, pakuti mzere umenewo anapempha ndi iwo kuti ulembedwe, ndipo masitepewo anamanga okha ndi manja awo. Mlembi atafunsa chifukwa chimene sanamutsutsire, anayankha kuti mnzakeyo anali kale ndi katundu wokwanira, panalibe chifukwa chomusenzetsanso mkangano.

“Ndipo ndinakuona nkhope, mwanawe. Ndinadziwa kuti mawu amene aja sufika nawo patali.” Analoza m'mwamba ndi tsache. “Ukamuuze kuti popumira pali pa masitepe khumi ndi awiri alionse. Ndinapanga choncho chifukwa cha maondo a mayi akunyumba. Koma asamale ya nambala 31. Ndi yaitali kuposa zinzake, ndinaphonya muyeso.”

Asisi ndi Wailesi atatsika ndi tiyi m'fulasiki, anapeza Mphepo ataima pansi pa sitepe yoyamba, ndodo m'manja. Mlembi sanadikire kufunsidwa, anawauza zoona onse awiri. Wailesi anatsegula pakamwa, nayang'ana bambo uja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anatsekanso popanda kutuluka mawu. Kenaka anapita kukawapatsa kapu yoyamba ya tiyi, ataigwira ndi manja awiri.

Asisi anagwada nakhudza bondo la Mphepo, namufunsa mafunso angapo a kuchipatala. Anati n'zotheka, koma pa malamulo awo: mwendo wabwino uzitsogola, ndodo ndi mwendo winawo zizitsatira; pa popumira paliponse azikhala pansi; iwo aziyenda kumbuyo kwake, ndipo akati basi ndiye kuti basi. Mphepo anawonjezera lake, lakuti wina asamugwire pokhapokha atapempha yekha. Anapemphanso Wailesi kuti akhale chete.

Mlembi anakweza dzanja monga ankachitira kubwalo. Analitsitsa, nadina wotchi.

Wailesi anapirira masitepe asanu ndi anayi. Pa lakhumi anayamba kuulutsa mpikisano, dzanja atalikunga ngati cholankhulira. Anauza omvera onse kuti katswiri wanyamuka ndi liwiro loopsa, nkhono imene inali naye limodzi yayamba kuda nkhawa, ndipo makutu ake aja akumuthandiza kudula mphepo. Mphepo anamuuza kuti akafika pamwamba amuponya pansi. Mlembi anaona kuti ngodya ya pakamwa pa mnzake yakwera.

Popumira poyamba anafika bwino, pachiwiri thukuta linali litanyowetsa kolala. Pa sitepe ya 31 anayesa kawiri, mwendo wabwino osafika. Bambo uja, amene ankabwera patali ndi zikwama, anatula katundu, natenga kathabwa kokhuthala m'mbali mwa njira, nakaika pansi pa sitepeyo osanena kanthu, kenaka anabwerera kukasenza zikwama zake. Sitepe imodzi yaitali inasanduka ziwiri zazifupi.

Atadutsa theka, nkhungu inatsika kuchokera pamwamba, yozizira, yonunkhira utomoni. Galimoto inabisika m'munsi, nyumba inabisika m'mwamba. Kunatsala miyala yokha ndi phokoso la ndodo, go, go. Wailesi anali atasiya kuulutsa. Pofika popumira pachinayi, pa sitepe ya 48, m'zikhatho za Mphepo munali mutatuluka matuza. Anadzigwetsa pa ndowa ija nabisa nkhope.

“Imitsa wotchi,” anatero.

Mlembi anayang'ana Asisi. Asisi anakhudzanso bondo lija, nafunsa ngati ukupweteka ndi mwendo. Mphepo anapukusa mutu. Anati ndi manja, ndiponso watopa, watopa ndi zonse. Asisi anabwerera m'mbuyo, namusiyira Mlembi.

Mlembi anagwada pamwala wonyowa. Mtima unkamuuza kuti aimitse, amuchitire chifundo. Chala chake chinali kale pa batani.

“Siima munthu asanafike pamzere,” anatero motsitsa. “Lamulo ndi lako. Pumula mmene ungafunire, ngakhale mpaka mawa. Ine ndili pompano. Koma sindiimitsa.”

Mphepo anamuyang'ana ndi maso ofiira. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Wailesi anatulutsa masokosi ake aukhondo m'chikwama, nawakulunga pa zogwirira za ndodo kuti zifewe. Asisi anathira tiyi. Mlembi ankapemphera, milomo yake yokha ikugwedezeka.

Kenaka Mphepo anapereka ndodo imodzi kwa Wailesi. “Mlembi, ndibwereke phewa.”

Masitepe otsalawo anakwera choncho, ndodo kumanzere, Mlembi kumanja. Mlembi ankamva kulemera kwa mnzake, ndi mpweya wake wotentha pakhutu, ndipo anazindikira kuti miyezi yonseyi ankamubweretsera zolemba za m'kalasi ndi zipatso koma sanamukhudzepo. Ankawerenga pamodzi monong'ona. Pa 70 khonde linatulukira m'nkhungu. Pa 74 Mphepo anaponda thabwa la khonde ndi mapazi onse awiri, ndipo Mlembi anadina wotchi.

Panalibe amene anakuwa. Asisi anatembenuka kukapukuta magalasi awo. Wailesi anangomukumbatira Mphepo ndi ndodo yomwe. Bambo uja anaika zikwama pakhomo, nati madzi osamba atentha, kenaka anatsika kukatolera timipando take. Mphepo anawaitana, nawapempha kuti atisiye pomwepo mpaka mawa.

Mlembi anakhala pansi pakhonde natsegula kope. Pansi pa nthawi yakale ija, ya mphindi ziwiri ndi timasekondi, analemba tsiku, kenaka: Masitepe 74, mphindi 58, masekondi 41. Mphepo anasuzumira, nati ndi nthawi yochititsa manyazi, ndipo sitepe ya 31 inamubera mphindi zitatu. Anajambula tsambalo pafoni natumizira mayi ake popanda kulembapo mawu ena.

Bedi la pazenera analanda ndi iye.

M'mawa wa Lamulungu, Mlembi anadzuka moyambirira monga mwa chizolowezi chake, nagwada pambali pa bedi. Nyumba inali chete. Kukhitchini kunkamveka Asisi akutsuka makapu, ndipo Wailesi ankalankhula kutulo. Asanamalize pemphero, anamva go, go, pa thabwa, kenaka phokoso la mphete za katani zikukwekwereka pa chitsulo. Kuwala kunadzaza chipinda mpaka kunalowa m'zikope zake.

Atatsegula maso anaona Mphepo ataima pazenera, tsitsi lili nyankhalala, akuyang'ana panja. Nkhungu inali itachoka. Masitepe onse ankaoneka, kuyambira pakhonde mpaka pa kashedi ka nkhuni, ndi timipando tija tili m'malo mwake, tonyowa ndi mame.

“Ukamaliza kupemphera,” anatero Mphepo osacheuka, “ujambule mzere pakati pa tsamba. Mbali iyi kukwera, mbali inayo kutsika.”

Mlembi anati ameni, natenga kope ndi rula. Anajambula mzerewo mosamala, kuyambira pamwamba mpaka pansi penipeni pa tsamba.